Madzi a Lachisanu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa choti sindipita kumzikiti. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi zoona. Ndinali nditamaliza Fomu 4, ndili khale pakhomo pa amayi ku Malindi, ndikuwathandiza kugulitsa zitumbuwa ndi kuimba kwaya. Satifiketi yanga inali ija yoti ukaionetsa munthu amangoti "chabwino" n'kuyamba kukamba za mvula. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, ndinaona a Chikafa ataima ndi amayi, akundikodola.

A Chikafa kwawo kunali ku Ntcheu, koma anali atakhalitsa kuno kunyanja. Anali mnzawo wa malemu bambo anga, ndipo pamaliro a bambo ndi iwo amene anathamangathamanga ndi za bokosi. Ife tinkawatcha amalume ngakhale panalibe ubale wamagazi. Ankayang'anira sikimu ina ya mthirira cha ku Lungwena, ndipo anati komiti ya alimi ikufuna munthu wogawa madzi.

"Alimi onse kumeneko ndi Asilamu," anauza amayi. "Lachisanu amakhala kumapemphero a Juma, ndiye pakufunika munthu woti tsiku limenelo azikhala pageti. Tiyamikeyu ndimamudziwa, sagona pantchito."

Amayi anangotsala pang'ono kugwada. Ine ndinali ndisanaonepo mkazi akugwira ntchito yotere, koma ndinali nditatopa ndi fungo la mafuta a zitumbuwa, choncho ndinavomera pomwepo.

Amalume anandipezera malo ogona kumunsi kwa sikimu, kwa Abiti Jafali, mayi wamasiye amene ankaluka mphasa. Nyumba yawo inali pafupi ndi dziwe lalikulu la mtsinje umene sikimuyo imatengako madzi, pomwe madzi amapumira asanakalowe m'nyanja. Bango lolukira ankadula pamenepo. Amayi a m'mudzimo ankatunga m'zitsime zokumba mumchenga m'mbali mwa dziwelo, mbuzi zinkamwa pomwepo, ndipo amuna ankatcherapo miono. Abiti Jafali anali munthu wa mawu ochepa. Anandionetsa pogona, pothira madzi osamba ndi poika njinga, basi ubwenzi unayambira pamenepo.

Kumtunda, pomwe sikimu imatengera madzi, panali chipupa cha simenti chodutsa mtsinje, ndipo pachipupacho panali mageti awiri achitsulo. Lina linkalowetsa madzi m'ngalande yopita kuminda, lina linkawalola kupitirira mumtsinje. Geti lililonse linali ndi gudumu pamwamba loti uzipukusa ndi manja awiri, ndipo magudumu onsewo ankamangidwa ndi tcheni chimodzi ndi loko. Tsiku loyamba amalume anandiimika pamenepo n'kundilozera mzati womwe unali kumunsi kwa chipupa, wopakidwa mzere wofiira.

"Mwana wanga, mlimi aliyense pano adzakuuza kuti madzi opita kumunsi ndi otayika," anatero. "Usamve. Kumunsi kuli anthu, kuli nsomba, kuli bango. Mtsinje nawo uli ndi gawo lake, ndipo wousungira gawolo ndiwe."

Kenaka anandiveka kiyi m'khosi, ali pachingwe cha ukonde wakale. Mawu amenewo anandilowa kuposa ulaliki uliwonse umene ndinali nditamvapo.

Dongosolo lake linali lotere. Masiku olima ndinkatsegula geti la ngalande m'mawa, koma la mtsinje ndinkalisiya lotsegula pang'ono kuti madzi akumunsi asatsike kupyola mzere wofiira uja. Lachisanu ndinkatseka ngalande yonse n'kutsegula geti la mtsinje mpaka pamapeto, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Lamuloli silinachokere m'buku. Kale alimi akumtunda ndi anthu akumunsi anakanganapo mpaka kutulutsirana zikwanje, ndipo nkhaniyo inakathera kumzikiti komwe onse amaswalira limodzi. Anagwirizana kuti poti Lachisanu palibe amene amathirira, tsikulo likhale la mtsinje. M'miyezi yotentha timadzi ta masiku onse tija tinkangomira mumchenga tisanafike patali. Amene ankafika padziwe la kwa Abiti Jafali anali madzi a Lachisanu okha. Ndi amene ankasunga tiana ta makumba ndi milamba mpaka mvula itabwera n'kutitengera kunyanja.

Ntchito yokhayo ndinaizolowera msanga. M'mawa ndinkachotsa zinyalala pa sefa yachitsulo ya pakamwa pa ngalande, kupaka girizi pa mazinga a mageti, kenaka kuyenda ndi fosholo m'mbali mwa ngalande kufunafuna pomwe nkhanu kapena mbewa zaboola. Minda inagawidwa m'mabuloko, ndipo buloko lililonse linali ndi tsiku lake. Pa mphambano iliyonse panali thabwa lolowetsa m'mpata wa simenti: ukalizula madzi alowa, ukalibwezera apitirira. Alimi ankakokera madzi m'mizere ndi timapayipi topinda. Kapayipiko umakamiza kuti kadzaze, kutseka kumapeto ndi chikhatho, n'kukagwetsera kumunda mwachangu. Sabata yoyamba ndinkangodzinyowetsa ndekha, azibambo ali gwa kuseka.

Pakamwa ndiye sindinkasowa. Wothirira masana dzuwa lili pamutu ndinkamufunsa ngati akuphika anyeziyo kapena akumulima. Wosiya bedi lopanda maudzu ophimbira ndinkamuuza kuti madzi akewo akuthirira mitambo. Bambo wina ndinamupeza akutsuka sipuleya yopopera mankhwala mumtsinje, ndipo ndinamukalipira mpaka anaiwala chivundikiro chake pamwala. Anandipatsa dzina loti Abiti Geti. Poyamba linali lonyoza, kenaka ngakhale ana ankandiitana choncho, ndipo ndinkalikonda.

Zonsezi amalume ankazimva n'kumaseka monyadira. Pamsonkhano wina anaimirira n'kupempha wapampando wa komiti, Che Bwanali, kuti popeza malipiro anga ndi ochepa, andipatse kamalo kumapeto kwa ngalande, kunja kwa mabuloko, koti ndizilimapo ndiwo zothirira ndi keni. Komiti inavomera. Ndinatsala pang'ono kulira ndi kuthokoza. Nthawi yolima ndinalibe, choncho amalume anati aikapo waganyu, adzale tomato, ndipo tidzaona pokolola. Kuyambira pamenepo aliyense ankadziwa kuti kumapeto kuja ndi munda wa Abiti Geti.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Pofika Seputembala mtsinje unali utaonda, ndipo tinayamba kufupikitsa nthawi ya buloko lililonse. Alimi ankadandaula, koma Lachisanu palibe analikhudza, ngakhale amene chimanga chawo chinkapota masamba. Ndi nthawi imeneyi pamene amalume anayamba kundituma. Anati geti la ngalande likudontha, ndipite ku Mangochi ndikagule labala yake. Sabata yotsatira anati labala ija si saizi yake, ndikasinthe. Kenaka girizi, kenaka maboti. Nthawi zonse linali Lachisanu, poti ndilo tsiku lopanda alimi ondifuna.

"Siya kiyi, ndikutsegulira ndine," ankatero. "Iwe ukaoneko tauni, ndiwe mtsikana."

Ndinkavula chingwe chija m'khosi mosaganiza kawiri. Loweruka m'mawa ndinkapeza ngalande ili yonyowa mpaka kumapeto, ndipo ndinkati ndi kudontha kuja. Munda wa tomato ndinkauona ukukula, wobiriwira kuposa ya eni sikimu, ndipo amalume anati waganyu wakumba chitsime chabwino. Munthu amene anakwirira bambo ako akakuuza kuti pali chitsime, supita kukasuzumira.

Lachinayi lina chakumapeto kwa Okutobala, nditangofika kuchokera kuntchito, Abiti Jafali anasiya mphasa yomwe ankaluka n'kuimirira.

"Mwanangu, usavule nsapato. Tiye ukaone ntchito yako."

Padziwe ndinali ndisanafike kwa masabata angapo, chifukwa ndinkalawirira m'mawa n'kubwera nditatheratu. Fungo ndi limene linatichingamira. Dziwe lija linali litasanduka chithaphwi cha matope, milamba ikuphiriphitha pakati, tiana ta makumba tili mimba m'mwamba m'mbali monse. Akakowa anali atakhuta mpaka kuleka kutola. Bango linali litayamba kufiira. Pachitsime cha mumchenga amayi anali pamzere, wina atalowa m'dzenje mpaka m'chiuno, akudikira kuti timadzi tituluke atunge ndi kapu.

"Madzi a Ijuma sakufika kuno," anatero Abiti Jafali, kunena madzi a Lachisanu aja.

"Ndi dzuwa ili, amayi. Amalume amatsegula okha."

"Dzuwa linaliko ndi chaka chatha chomwe. Mawa achimwene anga akaitula nkhaniyi kumzikiti."

Ndinapsa mtima, osati ndi amalume ayi, koma ndi mayi amene ankandiphikira tsiku ndi tsiku. Ndinawauza kuti anthu akumunsi sayamika, ndipo madzulo amenewo ndinadya ndekha.

Kutacha amalume anabwera pa njinga yawo yamoto, kutenga kiyi, n'kundituma girizi. Ndinapalasa mpaka kumsewu n'kukhala pakhonde la golosale kudikira matola. Ndili pomwepo ndinakumbukira chitini cha girizi chomwe ndinagula ulendo wapitawo. Chinali chikadali m'kanyumba kosungiramo zida, chosatsegula n'komwe. Galimoto inabwera, kondakitala anandiitana mpaka kutopa, ine ndili duu. Itachoka ndinakwera njinga n'kubwerera.

Ndinafika pachipupa azana yoitanira anthu kokaswala ikumveka kumzikiti. Ndisanaone kanthu, makutu anali atandiuza kale: ngalande inkalira, mtsinje uli zii. Geti la mtsinje linali lotseka mpaka pansi, ngakhale timadzi ta masiku onse tija panalibe, ndipo mzere wofiira unali pamtunda, wouma. Tcheni chinali chokhoma. Ndinatsata ngalande kudutsa minda yopanda munthu. Matabwa onse a m'mphambano anali otseka, madzi onse a mtsinje akuthamangira malo amodzi.

Kumapeto khoma la ngalande linali logumula ndi khasu. Kamunda kanga kaja kanali katakula kuseri kwa zitsamba mpaka kukafika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, pomwe tinkaletsa aliyense kulima. Bango la pamenepo linali lodula ndi kutentha. Chitsime panalibe. Pakati pa tomato, buluku atapinda mpaka m'maondo, panali amalume akuwongolera madzi m'mizere.

"Wabwera msanga," anatero, osadzidzimuka n'komwe.

"Amalume, lero ndi Lachisanu."

"Mwana wanga, madzi awa akungopita kunyanja. Unamva liti kuti nyanja yasowa madzi?"

"Si inu munandiuza kuti mtsinje uli ndi gawo lake?"

Anaseka pang'ono, kuseka komvera chisoni. "Zija timanena kukabwera alendo. Kula, Tiyamike. Tomatoyu ndi wa tonse, ndipo amayi ako adyako."

Ndikanakonda akanandimenya mbama. Kiyi anali atamupachika pa chiwongolero cha njinga yawo yamoto. Ndinamutsomphola n'kupalasa kubwerera kuchipupa. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, choti madzi atsike dzuwa lisanapendeke.

Ndinali nditangomasula loko, manja ali pagudumu, pamene anthu anatulukira. Amuna anali m'mikanjo yawo yoyera ndi zisoti, akuchokera ku Juma, Che Bwanali ali patsogolo. Pambuyo panali amayi akumunsi, wina atasenza beseni la nsomba zakufa. Zimene anaona ndi izi: ngalande yodzaza tsiku la mtsinje, mtsinje wouma, ndi ine nditagwira kiyi. Ndisanatsegule pakamwa njinga yamoto inafika. Amalume anatsika buluku atatambasula, nsapato atavala, nkhope ili yachisoni ngati ya pamaliro paja.

"Mwachita bwino kubwera, a tcheyamani," anatero. "Inenso ndangozitulukira lero, ndipo manyazi andigwira, chifukwa mwanayu ndinabwera naye ndine. Pitani mukaone kumene madzi akupita. Munda wakumapeto mukuudziwa mwini wake."

Ndinalankhula, koma misozi inandionongera mawu. Ndinanena za labala, za girizi, za maulendo a kutauni, zonse mosakanizasakaniza ngati munthu wogwidwadi. Abiti Jafali, amene ndinawanyoza dzulo lake, anadutsa pakati pa amuna n'kuima pambali panga.

"Mwanayu Ijuma iliyonse amapita kutauni. Ndimamuona ndi maso angawa."

"Amakuuzani choncho, mayi," anayankha amalume mofatsa. "Inenso ankandiuza choncho."

Ndinayang'ana pansi, ndipo ndinaona matope a m'munda ali pa akakolo awo, pamwamba pa nsapato, asanaume n'komwe. Ndinaloza. Palibe anayang'ana. Iwo anali bambo wamkulu wa imvi, amene anakhala nawo zaka, wodziwa kulankhula pamsonkhano. Ine ndinali mtsikana wobwera, wapakamwa, amene anakalipirapo pafupifupi aliyense amene anaima pamenepo. Bambo wa sipuleya uja ndiye anakuwa kuposa onse.

Che Bwanali sanakweze mawu. Anali munthu wofatsa, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima mwawo munali kukayika. Anatambasula dzanja.

"Abiti Geti, ife kiyi tinapatsa iwe. Sitinapatse munthu wina. Bweretsa."

Ndinawapempha kuti ndiyambe ndatsegula. Anagwedeza mutu kuvomera. Ndinapukusa gudumu la ngalande mpaka geti linakhala pansi, kenaka la mtsinje mpaka linafika pamapeto. Madzi anatuluka ndi mkokomo, akukankha masamba ouma ndi ndowe za mbuzi, n'kukwera mpaka kumiza mzere wofiira. Anthu onse ankangowayang'ana. Ndinakhoma tcheni n'kupereka kiyi.

Madziwo anafika padziwe chakumadzulo. Milamba inapulumuka, poti mlamba ndi wouma mutu, koma makumba ambiri anali atapita kale. Komiti inagamula kuti ndichoke ndipo munda uja uzulidwe. Amalume anadzipereka kuti ntchito yozulayo aiyang'anira okha, kuti alimi asataye nthawi. Pamene ndinkamanga katundu, Abiti Jafali anandikulungira mphasa yatsopano n'kuimangirira okha pakaliyala. Ndinayamba kupepesa za Lachinayi lija, koma anandidula.

"Ine ndikudziwa, mwanangu," anatero. "Pita bwino."

Ndinkaganiza kuti zowawa zathera pamenepo. Ndinafika ku Malindi Lolemba masana, ndipo pakhonde pathu panali dengu lalikulu la tomato, wofiira bwino, wosankhidwa. Amalume anali atandiyambirira. Anabwera dzulo lake atatuluka m'tchalitchi, kudzapepesa amayi kuti ayesetsa kunditeteza koma zakanika, ndipo anati tomatoyo ndi amene anakwanitsa kundipulumutsira. Amayi sanandilonjere n'komwe.

"Munthu anatilirira bambo ako, nakupezera ntchito, iwe n'kukamuvula pagulu chonchi?"

Tomato ameneyo anadyedwa pakhomo pathu sabata yonse. Wina amayi anagawira anzawo a kumpingo, wina anadula n'kuyanika. Ine sindinalawe, ndipo amayi ankati ndi manyazi. Zinawatengera nthawi yaitali kuti andikhulupirire, ndipo ngakhale lero akakumana ndi a Chikafa amawapatsa moni wa manja awiri, ati ulemu ndi ulemu. Ine mawu oti amalume ndinawasiyira pachipupa paja. A Chikafa amakhalabe pabenchi lakutsogolo m'tchalitchi, ndipo ndimamva kuti kukabwera alendo amalankhulabe bwino kwambiri za gawo la mtsinje.

Ntchito ya madzi sindinaisiye. Patapita nthawi ndinapeza malo pa sikimu ina cha kwa Mponda, ya mapampu a sola, ndipo pano ndimaphunzitsako ena. Ofuna ntchitoyi amaganiza kuti chovuta ndi kupukusa gudumu kapena kukangana ndi alimi. Zimenezo n'zochepa. Mlimi amene wamanidwa madzi amabwera yekha kudzakutukwana, ndipo umadziwa tsiku lomwelo. Nsomba, bango ndi mayi wotunga ndi kapu sabwera pageti. Choncho sabata iliyonse, kaya ndatopa chotani, ndimatsika wapansi mpaka pomwe madzi athu amathera, ndikaone ndekha ngati afika. Kiyi sachoka m'khosi mwanga, ngakhale atamupempha ndani. Ndipo munthu akamandilankhula mokoma za mtsinje ndimamvetsera ndithu, mwaulemu wonse, koma maso anga amakhala pa akakolo ake.